Lamba Amene Ndinamasula Lamulungu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo tinkakhala ku Geisha, m'nyumba ya njerwa zootcha imene kuseri kwake kunali mtengo wa mapeyala. Pansi pa mtengowo ndi pamene pankagona galimoto ya adada, kagalimoto koyera kakale kamene anagula atasiya ntchito yoyendetsa malole. M'mawa uliwonse, chifunga cha Mzuzu chikadali pansi, ntchito yanga inali kupukuta mame pagalasi ndi kuona ngati madzi ndi oilo zili bwino. Sindinkadandaula nayo ntchitoyo. Adada anali munthu wa mawu ochepa, ndipo malo okhawo amene ankandiyankhula momasuka anali pamene tonse tawerama pansi pa boneti.

Adada anali ndi mlongo wawo wamkulu amene ife ana tinkawatchula kuti ankhazi. Makolo awo anamwalira adada ali aang'ono, ndipo ankhaziwo ndiwo anawalera, nawaphunzitsa sukulu ndi chinangwa ndi nthochi za m'munda mwawo. Ankakhala kumudzi, m'mapiri a ku Nkhata Bay, kutali ndi msewu wa tala. Chaka chimenecho anadwala. Miyendo inatupa, ndipo akayenda pang'ono ankapuma ngati athamanga. A kuchipatala chaching'ono cha kumeneko analangiza kuti apite nawo kuchipatala chachikulu ku Mzuzu. Pa njinga sakanatha kukhala, ndipo maminibasi sankafika kumudziko. Choncho adada anapangana ndi Tiwonge, mwana wamkazi wa ankhazi amene ankawadwazika, kuti Lolemba tidzapita ndi galimoto kudzawatenga.

Chimene chinkawadetsa nkhawa adada chinali chitunda. Aliyense amene anayendapo kuchokera ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu amadziwa mmene msewuwo umakwerera, kukhota uku ndi uku osapumira. Kagalimoto kathu kankabuula pamenepo ngati ng'ombe yokalamba, ndipo malole odzaza matabwa ankatiimbira hutala kumbuyo. Adada sankafuna kuti mlongo wawo wodwala akhale nthawi yaitali m'galimoto yotsamwa.

Yankho linabwera ndi a Mhone, mnzawo wa kuyambira nthawi ya malole. Iwo ankakatenga magalimoto ku Tanzania, ndipo anali ndi kagolosale ka zipangizo za galimoto kuseri kwa msika waukulu. Lachisanu madzulo anafika kwathu ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Atakavundukula tinaona pule yatsopano, yonyezimira ngati mbale ya mgonero. Kwa amene sadziwa, pule ndi kagudumu kokhala kumunsi kwa injini. Injini ikamazungulira, kagudumuko kamakoka lamba, ndipo lambayo ndi amene amayendetsa pampu ya madzi ndi makina opatsa moto batire. Pule yobwera ndi galimoto imakhala yachitsulo cholemera. Iyi inali ya aluminiyamu.

“Akulu ampingo, tainyamulani,” anatero a Mhone. “Mwaona? Ngati chitumbuwa. Injini yanuyo imasenza mtondo pamutu tsiku ndi tsiku, ndiye mukuti ikwere bwanji phiri? Iyi amaika anyamata othamangitsa magalimoto, koma siikana munthu wopemphera.”

Adada anaiponya m'mwamba pang'ono naiwakha, ndipo ndinaona kumwetulira kumene sindinkakuona kawirikawiri. Amama anali pakhonde akusankha nyemba.

“Awiske Wongani, galimotoyo ikuyenda,” anatero, kuwaitana adada ndi dzina langa. “Bwanji osaisiya kaye mpaka odwala afike?”

“Ndi ntchito ya m'mawa umodzi, Nyaphiri. Ndikuchitira odwala omwewo.”

Pano ndiyenera kunena za chowinda cha adada, chifukwa popanda icho nkhaniyi siingamveke. Ndisanabadwe, lole imene ankayendetsa inaduka mabuleki potsika phiri, tsiku Lamulungu, atangoikonza okha m'mawa womwewo mothamanga. Mnzawo amene anali naye anafera pomwepo. Iwo anatuluka ndi chipsera chokha pachipumi. Ali gone m'chipatala analonjeza Mulungu kuti moyo wawo wonse, tsiku Lamulungu dzanja lawo silidzagwira sipanala, ndipo ndalama sidzatuluka m'thumba mwawo kupatula yopita m'mbale ya chopereka. Lamulo limeneli linali la nyumba yonse. Mchere ukatha Lamulungu tinkadya ndiwo zosakolera. Kuyendetsa galimoto kupita kutchalitchi kapena kukaona wodwala ankalola, koma kukonza ndi kugula ayi.

Loweruka tinayamba kutacha. Tinakweza galimoto ndi jeki, tinachotsa tayala lakutsogolo, tinafewetsa lamba ndi kumuchotsa. Bawuti wamkulu wogwira pule anakana kumasuka. Adada anakoka, ine ndinakoka, tinalumikiza mpope ku sipanala kuti italike, koma injini inkangozungulira limodzi ndi bawutiyo. Kenaka adada anandionetsa nzeru ya madalaivala akale. Anazula mawaya a mapulagi kuti injini isalire, anatsamiritsa sipanala yaitali ku chitsulo cha pansi pa galimoto, nandiuza kuti ndilowe m'kati.

“Ungokhudza kiyi kamodzi n'kusiya. Ukalimbikira, mano a dada wako akatoledwa kwa aneba.”

Ndinakhudza. Panamveka kuphulika ngati nkhuni yathyoka, ndipo adada anaseka ali chagada pa katoni. Bawuti anali atamasuka. Mpaka lero ndimakumbukira fungo la oilo wosakanikirana ndi dothi lonyowa, ndi mmene mtima wanga unadzazira pomva kuseka kumeneko.

Pule yakale inali itamatirira ndi dzimbiri. Chida choizulira tinalibe, ndiye tinaitema ndi zitsulo ziwiri zochotsera matayala, uku adada uku ine. Inatuluka ndithu, koma mlomo wake, pamene pamadutsa lamba, unabenthuka. Adada anaiyang'ana, naiponya pambali. Sitinkaifunanso. Yatsopano inalowa mosavuta. Ndinaika galimoto m'giya, ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, iwo namanga bawuti mpaka mitsempha ya m'khosi inaoneka.

Vuto linaonekera pobwezera lamba. Pule yatsopanoyo inali yocheperako pang'ono kuposa yakale, chinthu chimene palibe anachiganizira. Lamba wathu anakhala wamtali. Tinakoka chomangira mpaka kumapeto kwake, koma lambayo ankangolendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. Kubwerera ku pule yakale sikukanatheka chifukwa inali yobenthuka. Dzuwa linali litapendeka. Adada ananditumiza kumsika pa sakaramento, monga timatchulira njinga zonyamula anthu kuno, koma ndinapeza a Mhone atatseka, apita ku ukwati, ndipo anzawo oyandikana nawo analibe lamba wa muyeso umenewo.

“Palibe kanthu,” anatero adada akusamba m'manja ndi sopo wa ufa. “Lolemba m'mamawa tigula, tiika, tinyamuka. Tsiku lathu ndi lomwelo.”

Lamulungu m'mawa, adada atavala kale jekete, foni yawo inalira. Anali Tiwonge. Ndinali pafupi ndikupukuta nsapato, ndipo mawu ake ndinkawamva. Anati ankhazi sanagone, kupuma kwavuta chomene, ndipo akungofunsa ngati mlongo wawo wanyamuka. Anapempha kuti ngati n'kotheka tibwere tsiku lomwelo.

Adada sanachite mphwayi. Anaimbira mkulu wampingo mnzawo amene anali ndi galimoto, koma anali ku Rumphi ku maliro. Anaimbira wina, foni sinapezeke. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana kagalimoto kathu kali pa jeki.

“Ndi lamba yekha,” anatero amama motsitsa mawu. “A Mhone amatsegula Lamulungu.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye mwana apite.”

“Nyaphiri, ndinalonjeza. Si kwa munthu ayi. Ankhazi a ana awa afookapo chotere kangapo, nadzuka. Amene wawasunga mwezi wonsewu awasunga mpaka mawa.”

Tsiku limenelo adada anali ndi udindo wolalikira ku nyumba ya mapemphero ya ku Lupaso. Anatenga Baibulo nanyamuka wapansi. Atangopota pa ngodya, amama analowa m'nyumba, natuluka ndi chingwe cha saka ndi ndalama zopinda.

“Ine sindinawinde kanthu,” anatero. “Iwenso sunawinde. Ukudziwa kuyeza kwake?”

Ndinkadziwa. Ndinazunguliza chingwe m'mapule onse mmene lamba amadutsira, ndinamanga mfundo pamene chinakumana, ndipo ndinathamanga. Misewu inali yodzaza anthu ovala bwino opita kukapemphera, ine ndili ndi kabudula wa oilo. Ndinkaona ngati aliyense akundiyang'ana.

A Mhone atandiona anatsitsa wailesi. “Mwana wa akulu ampingo pamsika Lamulungu? Lero mvula igwa ya matalala.” Nditawafotokozera, nthabwala zinatha. Anatenga chingwe changa, nachiyerekeza ndi malamba opachikidwa pa msomali mpaka anapeza woyenera. “Thamanga. Ukamange mpaka ukadina ndi chala azingolowa pang'ono. Ndipo ukawauze adada ako kuti tchimolo alembe pa ine, ndili nawo kale ambiri.”

Ndinaika lamba ndekha. Ndinabwezera mawaya a mapulagi mmene ndinawaonera akuchotsedwa, ndinamanga tayala, ndinatsitsa jeki. Nditapotokola kiyi injini inalira nthawi yomweyo, ndipo nditaponda mafuta inayankha msanga kuposa kale, mopepuka, ngati munthu amene watula katundu. Amama anali atayala kale matiresi aang'ono ndi mapilo kumpando wakumbuyo, ndipo anali kuthira tiyi m'fulasiki. Ndinkadziona ngati mwamuna. Ndinkaganiza kuti adada akafika adzangovula jekete n'kukhala pa chiwongolero.

Anafika dzuwa lili pamutu, nsapato zili ndi matope a ku Lupaso. Anamva injini asanalowe pampanda. Anabwera pang'onopang'ono, nasuzumira pansi pa boneti, naona lamba watsopano akuzungulira.

“Zimitsa.”

Ndinazimitsa.

“Wagula ndani?”

“Ndine, adada.”

“Ndamutuma ndine,” anatero amama. “Dzanja lanu silinagwire kanthu. Kwerani muzipita, mlamu wanga akudikira.”

Adada sanakweze mawu. Akanakalipa mwina zikanakhala zosavuta. Nkhope yawo inali yotuwa, ndipo chipsera cha pachipumi chinkaoneka kwambiri.

“Dzanja la mwana wanga ndi dzanja langa,” anatero. “Mukufuna ndimunamize Mulungu ngati mmene amanamizira apolisi a pamsewu? Galimoto yokonzedwa Lamulungu ndinaikwerapo kamodzi. Munthu anafa. Sindinyamuliramo mlongo wanga. Wongani, masula lambayo.”

Ndinayang'ana amama. Anali atagwira fulasiki pachifuwa, misozi ikutsika. Ndinayang'ana adada. Ndinali mwana woleredwa m'mawu akuti kulemekeza atate ndi amayi ndiko kumatalikitsa masiku a munthu, ndipo ndinali ndisanawakanirepo chinthu chiyambire. Ndinatenga sipanala. Injini inali yotentha, inandiwotcha pamkono, koma sindinalire. Ndinamasula lamba ndi kumupereka m'manja mwawo. Anamupachika pa nthambi ya mapeyala, nalowa kuchipinda, natseka chitseko. Masana onsewo tinkamva mawu awo akupemphera, nthawi zina m'Chitonga cha kwawo chimene sankachiyankhula kawirikawiri. Chakudya sanadye. Madzulo anayesa kuimbira Tiwonge, koma foni yake inali yozima. Kumudziko kunalibe magetsi, ndipo batire ikatha munthu ankayenda mtunda kuti akatchaje.

Lolemba kusanayere bwino anandidzutsa. Anaika lamba yemwe uja ndi manja awo, ine ndikuwaunikira, ndipo ntchito yake sinatenge nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira. Tinanyamuka atatu, amama ali kumbuyo pambali pa matiresi. Tinadutsa minda ya tiyi ndi ya mitengo ya labala, tinasiya tala, tinalowa msewu wafumbi wokwera m'mapiri.

Titayandikira mudzi tinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Kwathu kuno aliyense amadziwa tanthauzo lake: pafupi pali maliro, woyenda achepetse liwiro. Adada anachepetsa. Mudziwo unali ndi nyumba zambiri ndi okalamba ambiri, ndipo ndikhulupirira kuti tonse atatu tinagwira chiyembekezo chimenecho. Koma titakhota pa mtengo wa mango tinaona amuna atakhala pa mabenchi pabwalo la ankhazi, ndipo amayi anali kulowa m'nyumba atafunda zitenje kumutu. Adada anaimitsa galimoto pakati pa njira. Manja awo anakhalabe pa chiwongolero.

Tiwonge anatuluka, nagwada pafupi ndi chitseko cha galimoto. Sanadzudzule aliyense. Iye sankadziwa n'komwe za lamba. Anati ankhazi anatisiya Lamulungu dzuwa likulowa. Anati masana anapempha kuti awatulutse panja, awakhazike pa mpando moyang'ana kumsewu, ndipo galimoto iliyonse ikamveka patali ankadzutsa mutu.

“Ankati, mlongo wanga sachedwa, ndinamulera ndine,” anatero Tiwonge. “Kenaka anati kwazizira, tiwalowetse.”

Pa maliropo anthu anapempha adada, monga mkulu wampingo ndiponso mwini maliro, kuti apemphere thupi lisananyamuke. Anaimirira, navula chipewa, natsegula pakamwa. Munthu amene ankatha kupemphera mpaka ana kugona m'mabenchi anangoti, “Atate,” mawu n'kuthera pomwepo. Anthu anadikira. Mkulu wina wa kumudziko anayambitsa nyimbo kuti awaphimbe.

Titaika maliro, anthu akubalalika, adada anandiitana kuti tikaone galimoto. Sikuti inali ndi vuto. Anangofuna pochokera pagulu. Tinaima kuseri kwake, ndipo anaona bala la moto pamkono wanga, limene linali litatuluka chithuza. Analigwira mkonowo mosamala, nauyang'ana nthawi yaitali.

“Ukanandikanira, mwana wanga,” anatero.

Mpaka adada anamwalira sitinaikambenso nkhaniyi.

Lero ndine bambo wa ana atatu, ndipo ndimaphunzitsa kalasi ya achinyamata kumpingo kwathu. Za magalimoto ndinaphunzira zokwanira kudziwa kuti pule yopepuka ija sinkawonjezera mphamvu yochuluka. Galimoto ikanakwera chitunda chija ngakhale ndi yakale, mobuula koma n'kufika. Sindinganenenso kuti chipatala chikanawachiritsa ankhazi, pakuti masiku a munthu ali m'dzanja la Mwini wake. Chimene ndikudziwa n'chakuti tikananyamuka masana aja, mutu umene unkadzuka pa mpando uja ukanaona galimoto yoyera ikukhota pa mtengo wa mango.

Zaka zambiri ndinkawaweruza adada mumtima. Ndinkati, munthu wodziwa Malemba chotere analephera bwanji kukumbukira kuti ngakhale chiweto chikagwera m'dzenje tsiku lopatulika mwini wake amachivuula? Kukula kwandiphunzitsa kuti ankakumbukira bwino lomwe. Chimene chinawagwira si kusadziwa koma mantha. Anali atanyamula imfa ya mnzawo zaka zonsezo, ndipo chowinda chawo chinali mpanda umene anamanga kuti zoterezo zisadzachitikenso. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza mlongo wawo. Ndinachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ndinazizindikira iwo atapita, pamene sindikanathanso kukhala nawo pansi n'kuwauza kuti Mulungu amene anawatulutsa m'lole ija sanawatulutse kuti awasunge m'ngongole.

Achinyamata a m'kalasi mwanga akandifunsa ngati mwana ayenera kumvera makolo nthawi zonse, sindifulumira kuyankha. Ndimawauza kuti amvere, pakuti ndi lamulo labwino ndipo landisunga m'zambiri. Koma ndimawauzanso kuti tsiku lina m'nyumba mwathu munali anthu awiri omvera, wina akumvera lonjezo lake, wina akumvera atate wake, ndipo onse awiri anali oona mtima pamaso pa Mulungu. Kumvera kunalipo kokwanira tsiku limenelo. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woti aime pakati pa bambo wamantha ndi mantha akewo, n'kunena mwaulemu, atagwada ngati n'kofunika, kuti ayi adada, tiyeni tizipita.